Musadumphe ola loyamba la Le Salaire de la peur

Anthu akamakamba za Le Salaire de la peur, filimu ya Chifalansa ya 1953 yomwe dzina lake limatanthauza malipiro a mantha, amathamangira ku malole: malole awiri, zigubu za madzi ophulika otchedwa nitroglycerin kumbuyo, amuna anayi, makilomita pafupifupi 500 a msewu woipa. Komatu filimuyi ndi ya maola awiri ndi theka, ndipo pafupifupi ola lathunthu limatha malolewo asanalize n'komwe injini. Mu ola limenelo mumangoona amuna ali ndwii pakhonde la bala, akuingitsa ntchentche, akukanganirana zopanda mutu. Owonera ambiri amati gawoli n'lotopetsa, ndipo masiku ano pamene filimu timaonera pafoni, chala chimayabwa kuti chilikankhire kutsogolo. Musatero. Wodumpha ola limenelo amatsala ndi filimu yoimitsa mtima, yabwino ndithu, koma si imene wotsogolera wake, Henri-Georges Clouzot, anapanga.

Chithunzi choyamba ndi cha mwana akuseweretsa mphemvu zomangidwa pa ulusi, mumsewu wamatope wa tauni ya Las Piedras, m'dziko la ku Latin America lomwe silitchulidwa dzina. Kulowa m'tauniyi n'kosavuta, kutuluka ndiye nkhani. Njira yotulukira ndi ndege, ndipo tikiti yake palibe angaikwanitse chifukwa ntchito kulibe. Ndalama zonse zili ku kampani imodzi ya mafuta ya ku America, Southern Oil Company, mwachidule SOC, yomwe ili ndi mpanda wake ndi alonda ake. Kunja kwa mpandawo kwaunjikana azungu osauka ochokera ku France, Italy, Germany ndi kwina. Clouzot anawasiya kuti azilankhula zinenero zawo, moti m'chipinda chimodzi mumamva Chifalansa, Chisipanishi, Chitaliyana, Chijeremani ndi Chingelezi. Ndi anthu amene nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inawalavula, n'kudzagwera pamalo pomwe palibe akuwafuna.

Yves Montand ndiye Mario, mnyamata wa ku chilumba cha France cha Corsica amene anasunga tikiti ya sitima ya pansi pa nthaka ya ku Paris ngati chithumwa. Nthawi imeneyo Montand ankadziwika kwambiri ngati woimba, ndipo filimuyi ndiyo inamukhazika pakati pa akatswiri a zisudzo. Charles Vanel, wobadwa mu 1892, ndiye Jo, chigawenga chokalamba chomwe chimatsika ndege chitavala suti yoyera, m'thumba muli mbee. Jean Gabin anakana gawo limeneli posafuna kuoneka wamantha pamaso pa anthu omukonda. Vanel analilandira, ndipo pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes anamutchula mwapadera chifukwa cha gawo lomwelo. Folco Lulli ndi Luigi, mmisiri womanga nyumba, wansangala, amene dokotala wamuuza kuti fumbi la simenti lamudya mapapo ndipo masiku ake ndi owerengeka akapanda kuchoka. Aliyense amene agogo ake anabwera ku migodi ya ku Joni ndi chifuwa chosatha amachidziwa chifuwa cha Luigi. Wachinayi ndi Bimba, woseweredwa ndi Peter van Eyck, munthu wosalankhulalankhula amene chipani cha Nazi chinamugwiritsa ntchito yakalavulagaga m'migodi ya mchere.

Mu ola loyambali muli chochitika chimodzi chimene msewu wonse udzachitembenuza. Jo ndi Luigi akangana m'bala, Jo atulutsa mfuti, kenako aipereka m'manja mwa Luigi n'kumuuza kuti awombe. Luigi alephera, Jo amumenya mbama anthu onse akuona. Kuyambira pamenepo Mario amamutsatira Jo ngati mwana wa nkhuku, n'kutaya Luigi amene ankamuphikira ndi kugona naye nyumba imodzi. Kulimba mtima kwa Jo ndi kwa pabala. Kumafuna munthu woti umuyang'ane m'maso mpaka aphethire. Chigubu cha nitroglycerin chilibe maso. Wosaona mbama ija sangamvetse chifukwa chake Mario amadzamuchitira nkhanza mkuluyu akayamba kunjenjemera panjira: akulanga munthu amene anamupusitsa.

Kenako chitsime cha mafuta cha kampani chigwira moto kutali ndi tauni. Moto wotere suzima ndi madzi okha, chifukwa mafuta ndi gasi zimatumphuka pansi ndi mphamvu n'kumaudyetsa osalekeza. Akatswiri amaphulitsa bomba pakamwa pa chitsimecho kuti mphepo ya kuphulikako ikankhire lawi kutali, monga mmene timazimitsira kandulo pouzira, kenako n'kutseka chitsimecho chisanayakenso. Ndi njira yeniyeni: katswiri wozimitsa moto wa m'zitsime za mafuta, Red Adair wa ku America, anazimitsa nayo moto wa ku Gassi Touil m'chipululu cha Algeria mu 1962. Vuto lili pa chophulitsiracho. Nitroglycerin, yomwe Ascanio Sobrero anaitulukira ku Turin mu 1847, ndi madzi amafutamafuta amene amaphulika akagundidwa kapena akatentha. Inapha Emil, mng'ono wake wa Alfred Nobel, ku Stockholm mu 1864, ndipo mu 1867 Nobel anapeza njira yoiweta poimwetsa m'dothi lopepuka lotchedwa kieselguhr, n'kupanga dainamaiti. Ndiye kuti pofika nthawi ya filimuyi panali patadutsa zaka zoposa 80 anthu akudziwa kunyamula zophulika popanda kuponya moyo wa dalaivala pa juga.

Apa ndi pamene pagona filimu yonse. Mabwana a SOC akhala mu ofesi n'kuwerengera. Malole okonzedwa mwapadera palibe, ndipo kuwadikira n'kutaya nthawi pomwe mafuta akupsa. Madalaivala a kampani ali m'bungwe la ogwira ntchito, lomwe silingalole. Bill O'Brien, woyang'anira ntchito pamalopo, woseweredwa ndi William Tubbs, ndiye apereka yankho: tengani malova aja a kubala. Alibe bungwe, alibe abale, akaphulika palibe adzabwere kudzafunsa chipukutamisozi. Malipiro ndi madola 2,000 munthu mmodzi. Malole akhale awiri, ndipo azisiyana ndi mphindi 30 panjira. Taganizirani za mphindi 30 zimenezo. Sizoteteza madalaivala. N'zoti lole imodzi ikaphulika, inayo isapse nayo, katundu afikebe. Imfa ya anthu awiri ailowetsa kale m'mawerengero ulendo usanayambe.

Ndipo amuna amalimbirana ntchitoyo. O'Brien agwetsa kadontho kamodzi pansi kuti onse amve kuphulika kwake, koma ochoka ndi ochepa. Mnyamata wa ku Italy, Bernardo, atasiyidwa pa mayeso oyendetsa, akudzimangirira. Jo nayenso sanasankhidwe. Akulowa m'malo mwa Smerloff, amene m'mawa wa ulendo sakuoneka, ndipo filimu imakusiyirani nokha kulingalira chimene Jo anamuchita.

Za msewuwo, mphamvu ya Clouzot ndi yoti amakuphunzitsani ntchito asanakuopsezeni. Amakuuzani lamulo, n'kukuonetsani pamene lamulolo likuthyoka.

Chopinga choyamba ndi msewu wafumbi wokwinyika ngati malata, ndipo Afalansa amautchuladi malata. Woyenda m'misewu ya kumidzi nthawi ya chilimwe amaudziwa. Pamsewu wotere pali maliwiro awiri okha otetezeka. Mukhoza kukwawa osapitirira makilomita 10 pa ola, tayala lililonse n'kumakwera ndi kutsika kamzere kalikonse mofatsa. Kapena muthamange kupitirira makilomita 64 pa ola, mamailosi 40 m'mawu a filimuyo, kuti matayala azingopsopsona nsonga za timizereto osagwera m'kati. Pakati pa maliwiro awiriwa masipuling'i amayamba kudumpha mogwirizana ndi timizere tija, lole yonse n'kumanjenjemera, ndipo ndi katundu uyu kunjenjemera ndi imfa. Choncho liwiro muyenera kulitenga musanafike pamalatapo, ndipo mukalowa simungapondenso buleki. Chimene chimalakwika n'chaching'ono. Lole ya Luigi ndi Bimba, yomwe yapita patsogolo chifukwa Jo wayamba kale kuzengereza, ivuta injini, itaya liwiro, ndipo ikakamizika kumaliza chigawocho mokwawa. Mario akubwera kumbuyo pa liwiro lalikulu. Wakutsogolo sangathamange, wakumbuyo sangaime, ndipo mphindi 30 zija zikusungunuka inu mukuona. Palibe mdani, palibe mfuti, ndi masamu basi.

Chachiwiri ndi khona lakuthwa paphiri, loti lole singalikhote ulendo umodzi. Iyenera kubwerera chammbuyo n'kukwera pathandala la matabwa lomwe omanga msewu analisiya pamwamba pa phompho, kenako n'kunyamuka kukwera mtunda. Matabwa ake ndi ofumbwa. Lole yoyamba idutsa koma isiya bowo. Yachiwiri ipeza matabwa oterera ndi matope, matayala n'kumangozungulira pamodzimodzi kwinaku lole ikutsetserekera kumphepete. Mario athyola nthambi n'kuziyala kunsi kwa matayala kuti agwire. Chimene sakuona n'choti ngowe ya m'mbali mwa lole yakola chingwe chachitsulo chomwe chagwira thandala lonse. Kamera imangopita uku ndi uku: tayala, ngowe, chingwe chikukungika, nkhope ya Mario. Jo, amene amayenera kumulondolera, wathawira kuphiri. Lole ingochoka, thandala lonse ligwera kuphompho.

Chachitatu ndi chimwala chomwe chagumuka n'kutseka msewu, ndipo apa Clouzot sathamanga m'pang'ono pomwe. Aboola chimwalacho ndi chitsulo. Bimba apopa nitroglycerin pang'ono m'chigubu n'kuithira mu fulasiki, kenako aitsetsereza m'bowo muja pang'onopang'ono potsata kamtengo kuti isagwe ndi mphamvu. Pamwamba pa bowo apachika nyundo pa chingwe choti chikapsa, nyundo igwe. Malole awabweza m'mbuyo. Atayatsa kale m'pamene akumbukira kuti kuphulikako kugwetsa miyala ina kuchokera kuphiri, ndipo mwala umodzi wokha utagwera pazigubu zonse zatha. Pamphindi zonsezi palibe nyimbo. Georges Auric analemba nyimbo za filimuyi, koma panjira Clouzot anasiya injini, mpweya wa anthu ndi miyala kuti zizimveka zokha. Opanga mafilimu a masiku ano, amene amathira ng'oma pachilichonse, akanaphunzirapo kanthu.

Tsono taonani chimene amachita ndi Luigi ndi Bimba, akatswiri enieni paulendowu, amene sanalakwitse kalikonse. Bimba akumeta ndevu lole ikuyenda. M'lole yakumbuyo Jo akupichira fodya. Mwadzidzidzi fodya uja auluka papepala, kuwala kung'anima, kenako m'pamene phokoso lifika. Kutsogolo kwangotsala utsi. Sitionetsedwa chimene chinachitika, ndipo palibe adzatiuze. Filimu yakhala ikutiphunzitsa kuti luso limapulumutsa, kenako ilanda phunzirolo m'kuphethira kwa diso. Luso linali lawo, koma chigamulo choti anyamule madzi oterewa pa lole wamba chinali cha ena.

Kuphulikako kusiya chidzenje pamsewu ndi kudula paipi, ndipo mafuta akuda akudzaza dzenjelo. Kudikira sikungathandize chifukwa mafuta akukwera. Kuima pakati ndiye kutitimira. Jo alowa wapansi kutsogolo kuti ayeze kuya ndi kuchotsa zinthambi, akodwa, agwa, ndipo Mario, akumuona bwinobwino, saima. Tayala limuphwanya mwendo. Chowawa n'choti lole ititimirabe. Mario akhoma zikhomo zachitsulo kutsidya, amangapo chingwe n'kuchikulunga kumawilo akumbuyo kuti akamazungulira lole izidzikoka yokha. Vanel anaviikidwadi m'mafuta akuda pojambula gawoli, ali ndi zaka pafupifupi 60.

Ena amati filimuyi si ya ndale konse, ndi ya kupanda pake kwa moyo wa munthu, ndipo umboni wawo ndi imfa ya Jo. Atatsamira paphewa la Mario, akukumbukira msewu wa Galande ku Paris ndi mpanda wamatabwa womwe unali pamenepo, n'kufunsa chomwe chinali kuseri kwake. Yankho n'loti kunalibe kanthu. Mfundoyi ili ndi mphamvu, ndipo Clouzot sanali munthu wa chipani. Filimu yake ya 1943, Le Corbeau, anaipangira kampani ya Continental yomwe inali m'manja mwa Ajeremani, ndipo inakwiyitsa mpingo, boma la France la Vichy lomwe linkagwirizana ndi Ajeremani, ndi omenyera ufulu wa France omwe. Nkhondo itatha analetsedwa kugwira ntchito mpaka 1947. Munthu wotere sakhulupirira bwana, sakhulupiriranso wantchito, n'chifukwa chake Mario si ngwazi. Koma kupanda pake kumeneku kuli ndi mtengo wake wolembedwa, madola 2,000, ndipo tinaona ofesi imene mtengowo unakhazikitsidwira.

Ogulitsa mafilimu ku America anaiona bwino mfundoyi kuposa akatswiri ena. Filimuyi itapambana mphoto yaikulu ku Cannes ndi ya Golden Bear ku Berlin m'chaka chimodzi cha 1953, n'kuonedwa ndi anthu pafupifupi 7 miliyoni ku France, inafika ku United States mu 1955 itadulidwa kwambiri, ndipo zambiri zodulidwazo zinali zonyoza kampani ija. Zilembo za SOC n'zofanana ndi za Standard Oil Company. Buku la Georges Arnaud la 1950, lomwe filimuyi inachokera, nkhani yake imachitikira ku Guatemala, dziko lomwe mu 1954 pulezidenti wake Jacobo Árbenz anagwetsedwa mothandizidwa ndi bungwe la akazitape la America la CIA atalimbana ndi kampani ya ku America ya United Fruit Company pa nkhani ya malo. Anthu a ku America anadikira mpaka 1991 kuti aonere filimu yobwezeretsedwa. Wodumpha ola loyamba lero akudzichitira yekha zimene lumo la 1955 linachitira anthu amenewo.

Arnaud ankalemba zimene anaziona. Dzina lake lenileni linali Henri Girard. Anazengedwa mlandu wopha bambo ake, azakhali ake ndi wantchito wa m'nyumba ku Escoire, m'dziko la France, mu 1941, khoti linamupeza wosalakwa mu 1943, anamwaza chuma chamasiye, n'kupita ku South America komwe anakhala moyo wa ganyu, kuphatikizapo kuyendetsa malole. Clouzot yekha sanajambulire kumeneko. Las Piedras anaimanga kum'mwera kwa France, m'dera la Camargue, ndipo mvula inawononga zomanga n'kuimitsa ntchito kuyambira kumapeto kwa 1951 mpaka chaka chotsatira. Dzuwa lowotcha limene mumalimva pakhungu poonera ndi luso la wojambula, Armand Thirard.

Pali zinthu ziwiri zimene sindingaziikire kumbuyo. Choyamba ndi Linda, wantchito wa m'bala, woseweredwa ndi Véra Clouzot, mkazi wa Clouzot yemwe, wobadwira ku Brazil. Timamuona koyamba akukolopa chogwada, n'kukwawira kwa Mario amene amamusisita ngati kagalu. Mwini bala amamugwiritsa ntchito mmene afunira, ndipo usiku wonyamuka Mario amamukankha pa lole n'kugwera m'matope. Tinganene kuti filimu ikuonetsa nkhanza za amunawa, koma kamera nayo imamudyerera, ndipo sapatsidwa ganizo lakelake ngakhale limodzi. Chachiwiri n'chachikulu. Oyamba kupsa pachitsime paja ndi eni dziko. Timaona mayi akulankhula mokwiya pagulu, timaona ovulala akubwera nawo, kenako nkhani ibwerera kwa azungu anayi. Filimu yodzudzula kampani chifukwa chosawerengera anthu nayonso ili ndi anthu amene siwawerengera. Izi sizigwetsa mfundo ya ola loyamba. Zikungosonyeza kuti pansi pa malova a kubala panali ena otsika mtengo kuposa iwo, ndipo Clouzot anawaona koma sanawatsate.

Wopanga mafilimu wa ku America, William Friedkin, atapanganso nkhaniyi mu 1977 m'dzina la Sorcerer, anayamba ndi kutionetsa mlandu umene aliyense mwa amuna anayiwo anathawa kwawo. Filimu yake ili ndi mlatho wa zingwe woimitsa tsitsi, koma kusintha kumeneku kumapeputsa nkhani, chifukwa owonera amatha kunena kuti anthuwa akukolola zimene anafesa. Kwa Clouzot, Luigi sanalakwire munthu. Akufuna ndalama ya tikiti asanafe ndi simenti.

Mathero ake anthu amakangana nawo mpaka lero. Mario afikitsa katundu, akomoka pafupi ndi moto, ndipo kutacha apatsidwa madola 4,000, ake ndi a Jo. Akana dalaivala woti amubweze. Panjira, lole ili yopanda kanthu, wailesi ikuimba nyimbo ya Johann Strauss ya mtsinje wa Danube, ayamba kuseweretsa chiwongolero uku ndi uku, pomwe ku Las Piedras Linda ndi anzake akuvina nyimbo yomweyo. Aphonya khona, agwera kuphompho, tikiti ya sitima ija ili m'manja. Ena amati Clouzot anangofuna kulanga munthu wake mokakamiza, ndipo n'zoona kuti dzanja la wolemba likuonekera. Koma woyendetsa magalimoto akuluakulu angakuuzeni kuti lole yopanda katundu imapepuka kumbuyo, matayala sagwira msewu ngati mmene amagwirira italemedwa, ndipo munthu amene wakhala nthawi yaitali chonchi ali tcheru amatayirira ngoziyo ikangochoka. Ku ofesi ya SOC mawerengero ali chonchi: anakonza madola 8,000 a anthu anayi, atulutsa 4,000, katundu wafika, ndipo a Luigi ndi Bimba palibe wobwera kudzawafunsa.